Golide Kapena Kaundula: Phunziro la Okumba Zakale ku Pylos

Chaka ndi chaka, pamene nyengo yotentha ifika m'maiko ozungulira Nyanja ya Mediterranean, aphunzitsi ndi ophunzira a m'mayunivesite a ku Ulaya ndi a ku America amatseka mabuku awo nanka ku Greece, ku Italy, ku Turkey, ku Egypt ndi kwina kotero, kukakumba pansi kuti apeze zimene anthu akale anasiya. Ntchito imeneyi imadya ndalama zambiri, ndipo kawirikawiri anthu samva kanthu za iyo kufikira tsiku limene wina atola golide. Pamenepo manyuzipepala amaimba nthungululu sabata imodzi, akuluakulu a yunivesite amayamikirana, kenaka nkhani imazirala kufikira golide wina atapezeka.

Ife tikuti muyeso wotere ngwolakwika, ndiponso ngwoopsa. Malo akale sakumbidwa kawiri. Wokumba akachotsa dothi, waononga umboni umene unakhala pamenepo zaka zikwizikwi, ndipo madzi akatayika sawoleka. Chimene chitsala ndicho chimene iye analemba m'kope lake: kuti chinthu chakuti chinali pati, kuya kotani, pafupi ndi chiyani. Wophunzira ndi wakuba wa m'manda onse awiri agwira khasu. Asiyana pa kope ndi pensulo. Chifukwa chake ntchito ya yunivesite iliyonse yokumba zakale iyenera kuyesedwa ndi kaundula wake, ndi changu chake posindikiza zimene yapeza, ndi ulemu wake kwa eni dziko. Owerenga athu, amene ambiri a inu mudya za cholembera ndi choko, tiyeni tione nkhani ya Yunivesite ya Cincinnati ya ku America ndi malo otchedwa Pylos, kum'mwera chakumadzulo kwa Greece, pakuti m'menemo mfundo iyi ioneka poyera.

Kuthamanga sikufika

Tiyambe ndi munthu amene anathamanga. Bambo Heinrich Schliemann, wamalonda wolemera wa ku Germany, anali wokonda ndakatulo za Homer, ndipo anafunitsitsa kupeza mzinda wa Troy umene ndakatulozo zisimba. Pofika pa chitunda cha Hisarlik, m'dziko limene lero ndi Turkey, iwo anadula chingalande chachikulu pakati pa chitundacho, nagumula makoma alionse amene anawatsekera njira, poganiza kuti mzinda wa Homer uli pansi penipeni. M'chaka cha 1873 anapeza golide wambiri, namutcha chuma cha Mfumu Priam, namuzembetsa m'dzikomo mobisa, kotero kuti Boma la Ottoman linawasumira ndi kuwalipitsa.

Dziko lonse linawaombera m'manja. Koma pambuyo pake kunadziwika kuti golide uja anali wa anthu amene anakhalako zaka zoposa 1,000 isanafike nthawi imene akatswiri aikamo nkhondo ya Troy, ndi kuti a Schliemann anali atapyola ndi kuononga mbali ina ya miyalo yeniyeni imene anali kufuna. Chumacho chinapita ku Berlin. Asilikali a Soviet Union anachitenga m'chaka cha 1945, ndipo chili ku Moscow, kutali ndi dothi limene chinachokamo.

Kuyambira 1932 kufikira 1938 chitunda chomwecho chinakumbidwa ndi Bambo Carl Blegen a Yunivesite ya Cincinnati. Iwowa anafunafuna zigawo zimene anzawo oyamba sanakhudze, nazisenda pang'onopang'ono, nasunga zidutswa za mbiya za muyalo uliwonse pazokha. Potero anaonetsa kuti m'mizinda isanu ndi inayi yosanjikizana pa chitundapo muli nyengo 46 za kumanga ndi kumanganso. Golide wotchuka sanapeze, koma mabuku awo anayi, amene anatuluka pakati pa 1950 ndi 1958, ndiwo amene akatswiri atsegulabe pofuna kudziwa msinkhu wa mbiya ya m'chigawo chimenecho.

Tsiku loyamba ku Pylos

Atatha za ku Troy, a Blegen anagwirizana ndi katswiri wachigiriki, Bambo Konstantinos Kourouniotis, kuti afunefune likulu la Nestor, mfumu yokalamba ya ku Pylos yotchulidwa m'ndakatulo za Homer. Anasankha mtunda wa Ano Englianos, wodzala mitengo ya azitona, pafupifupi makilomita 17 kumpoto kwa tauni ya Pylos ya lero. Pa 4 April 1939 anakumba ngalande yoyamba, ndipo tsiku lomwelo makasu anagwera m'chipinda chimene alembi a nyumba yachifumu anasungiramo zolemba zawo. Pakutha kwa nyengoyo anali atatola masileti a dongo oposa 600, olembedwa m'zilembo zotchedwa Linear B, zimene panalibe munthu wamoyo wodziwa kuziwerenga.

Pano ndi pamene khalidwe la wokumba lioneka. Masiletiwo anali anyontho ndi ofewa, osachedwa kufumbutuka. Wothandiza a Blegen, mnyamata wophunzira dzina lake William McDonald, analemba malo a chidutswa chilichonse asanachinyamule. Anawatengera ku Athens, nawatsuka, nalumikiza osweka, ndipo Mayi Alison Frantz anawajambula onse. Nkhondo yaikulu itayandikira, masiletiwo anatsekeredwa m'chipinda cholimba cha banki, ndipo zithunzi zinatumizidwa ku America. A Blegen anapereka zithunzizo kwa wophunzira wawo, Bambo Emmett Bennett, amene anazipenda chilembo ndi chilembo, nasindikiza zonse m'chaka cha 1951 kuti aliyense wofuna ayese nzeru zake.

Zaka 50 m'bokosi

Kuti timvetse kukula kwa chimene anachitachi, tikumbuke kuti zilembo zimenezi sizinayambe kuoneka ku Pylos ayi. Bambo Arthur Evans a ku Oxford anazipeza ku Knossos, pa chilumba cha Crete, m'chaka cha 1900, ndipo masileti awo anali zikwi zingapo. Koma pofuna kuti akhale iwo oyamba kuwawerenga, anasindikiza ochepa chabe, nasunga otsalawo kufikira imfa yawo m'chaka cha 1941. Buku lalikulu la masileti a ku Knossos linatuluka m'chaka cha 1952, patapita zaka 52 chipezereni. A Evans anali katswiri weniweni, ndipo sitiwanyoza. Koma mbadwo wathunthu wa ophunzira unakalamba osaona umboni umene unali wa anthu onse.

Mutu umodzi susenza denga. Mayi Alice Kober, mphunzitsi wa ku Brooklyn College, anagwira ntchito usiku atatha kuphunzitsa, nadula timakadi pafupifupi 180,000 kuchokera ku mapepala akale chifukwa cha kusowa kwa mapepala m'nthawi ya nkhondo, nasunga timakadito m'makatoni a ndudu. Ndi njira imeneyi anaonetsa kuti mawu a chinenerocho asintha kumapeto kwake monga mwa malamulo okhazikika. Anamwalira m'chaka cha 1950 asanaone mapeto a ntchito. A Bennett anakhazikitsa mndandanda wa zilembo, zimene zili pafupifupi 90, chilichonse choimira phatikizo limodzi. Pa maziko amenewa Bambo Michael Ventris, wolemba mapulani a nyumba wa ku London, wa zaka 29, analengeza pa wailesi ya BBC pa 1 July 1952 kuti chinenerocho ndi Chigiriki chakale kwambiri. Iwo eni anali kuyembekeza chinenero china, koma anagonjera umboni, ndipo Bambo John Chadwick a ku Cambridge anawathandiza kulongosola zonse.

Okayika analipo ambiri, ndipo amene anawatontholetsa ndi dothi la ku Pylos lomwe. A Blegen anabwerera kukakumba m'chaka cha 1952, ndipo mu May 1953 analembera a Ventris za sileti latsopano limene a Ventris anali asanalione. Pa siletilo panali chithunzi cha mphika wa miyendo itatu, ndipo zilembo zoyandikana nacho, poziwerenga monga mwa njira ya a Ventris, zinatulutsa mawu achigiriki otanthauza mphika wa miyendo itatu. Panalinso zithunzi za zotengera, china cha makutu anayi, china cha makutu atatu, china chopanda makutu, ndipo mawu anagwirizana ndi zithunzi. Pa tsiku limenelo mbiri yolembedwa ya Agiriki inatalikira kumbuyo pafupifupi zaka 500. Kusindikiza kwa mu 1951 kunabala chipatso m'chaka chimodzi. Kubisa kwa ku Knossos kunadya theka la zaka 100.

Zimene alembi analemba

Tsono masileti aja anena chiyani? Amene anayembekeza ndakatulo kapena mbiri ya mafumu anakhumudwa. Dzina la Pylos lilipo, ndi dzina la mulungu wawo Poseidon lilipo, koma mfumu yotchedwa Nestor mulibe. M'masileti onse a ku Pylos, amene ali pafupifupi 1,000, muli ntchito imene kalaliki aliyense wa Boma angaizindikire msanga. Ufumuwo unagawidwa m'zigawo ziwiri ndi maboma 16, boma lililonse ndi mkulu wake ndi wachiwiri wake. Boma lililonse linali ndi msonkho wake wa zinthu zisanu ndi chimodzi, ndipo mlembi analemba chimene chinayenera kuperekedwa, chimene chinaperekedwadi, chimene chinatsala, amene anakhululukidwa msonkho monga amisiri osula, ndi ngongole ya chaka chatha. Pozindikira kalembedwe ka munthu ndi munthu, akatswiri apeza alembi osachepera 25.

Muli maina a abusa ndi chiwerengero cha nkhosa zawo, maina a osula ndi muyeso wa mkuwa umene aliyense analandira, ndi za mafuta onunkhira. Muli mndandanda wa akazi pafupifupi 750 ndi ana awo, opera tirigu, opota ulusi ndi otunga madzi, amene phoso lawo la mwezi linali tirigu ndi nkhuyu, mwana nalandira theka la gawo la mayi. Ena mwa akaziwa atchulidwa ndi malo a tsidya la nyanja monga Miletus ndi Knidos, chimene chionetsa kuti anachita kutengedwa kwawo. Ndakatulo zinaimba za mafumu ndi ngwazi. Akazi operawa tiwadziwa chifukwa cha mlembi wa phoso yekha.

Masiletiwo sanali ootcha, pakuti anali a chaka chimodzi chokha, oti akatha ntchito atayidwe. Cha m'ma 1200 Khristu asanabadwe nyumba yachifumu inapsa, ndipo moto umene unaigwetsa ndi womwewo unaumitsa dongolo ngati njerwa. Potero tili ndi zolemba za miyezi yotsiriza ya ufumuwo: opalasa ngalawa 30 otumidwa ku Pleuron, amuna pafupifupi 800 oikidwa kulonda gombe, mkuwa wosonkhanitsidwa m'maboma kuti asulire nsonga za mikondo. Nyumbayo sinamangidwenso, ndipo luso la kulemba linatha m'Greece zaka pafupifupi 400, kufikira Agiriki atabwereka zilembo za Afoinike.

Mafupa a m'nyumba yosungira

A Blegen ndi mnzawo wa pa ntchito, Mayi Marion Rawson, anakumba ku Pylos kufikira 1966, pamodzi ndi anthu a m'mudzi wa Chora amene anagwira makasu zaka zonsezo. Anawerenga ndi zikho zomwe: m'chipinda chimodzi chokha munali zikho zoposa 2,800. Anasunganso zinthu zimene okumba ambiri a nthawi imeneyo anali kutaya, monga mafupa a nyama ndi tizidutswa ta pulasitala wa makoma, chilichonse ndi chizindikiro cha malo ake.

Kuyambira 1998 Mayi Sharon Stocker ndi anzawo anatsegula mabokosi amenewa m'nyumba yosungira ya ku Chora. Popenda mafupa opserera a ng'ombe, anapeza umboni wakuti pa nyumba yachifumu panali kuchitika nsembe zopsereza ndi madyerero a anthu ambiri, ndipo zikho zikwizikwi zija zinapeza tanthauzo lake. Polumikiza tizidutswa ta pulasitala, anatulutsa zithunzi za ngalawa zimene a Blegen, amene anamwalira m'chaka cha 1971, sanazione. Wokumba wosamala asiyira adzukulu ake mayankho a mafunso amene iye mwini sanawaganizire.

Manda a msilikali

Golide anafika pomalizira, ndipo anafika kwa anthu odekha. Mu May 2015 Bambo Jack Davis ndi Mayi Stocker, a Yunivesite ya Cincinnati yomweyo, analephera kukumba m'munda umene anafuna chifukwa nkhani yogula mundawo inali isanathe, natembenukira ku munda wina wa azitona pafupi ndi nyumba yachifumu. Pamenepo anapeza manda osakhudzidwa ndi akuba a mwamuna wa zaka za pakati pa 30 ndi 35, woikidwa cha m'ma 1450 Khristu asanabadwe, nyumba yachifumu ija isanamangidwe. Anamutcha Griffin Warrior chifukwa cha mnyanga wosemedwa chithunzi cha chinyama cha m'nthano, cha thupi la mkango ndi mutu ndi mapiko a chiwombankhanga. M'mandamo munali zinthu zoposa 3,000: lupanga la chigwiriro cha golide, mphete zinayi za golide, miyala yodindira yoposa 50, zikho za golide ndi siliva, mikanda, zipeso ndi kalilole wa mkuwa.

Wakuba akadakolola zonsezi usiku umodzi. Iwo anatha pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi pa dzenje la mamita awiri. Phindu la kudekhako nali. Manda ambiri a nthawi imeneyo anaikidwamo anthu ambiri, ndipo mafupa ndi katundu zinasokonezeka, kotero kuti akatswiri anali kungoganiza kuti mikanda, zipeso ndi akalilole ndi za akazi, malupanga ndi a amuna. Manda awa, pokhala a munthu mmodzi, anaonetsa kuti msilikali wamwamuna anaikidwa ndi zonsezi. Ndiponso zinthu zambiri zinali za luso la ku Crete, ndipo zina zimene zijambulidwa pa mphete, monga ndodo yaulemu ndi kalilole, zinapezekanso zenizeni pambali pa mtembo. Ichi chionetsa kuti anthu ake anamvetsa tanthauzo la zinthuzo, sanangoziunjika ngati zofunkha. Mphete yogulitsidwa pa msika wa akuba singanene zimenezi.

Mwa miyala yodindira ija munali umodzi wokutidwa ndi laimu, wooneka ngati mkanda wamba. Osamalira zinthu zakale anatha pafupifupi chaka akuutsuka, ndipo m'chaka cha 2017 anauonetsa poyera: mwala wosakwana masentimita 4, wogobedwa chithunzi cha amuna atatu pa nkhondo, minofu yawo yooneka bwino lomwe, mizere ina yosaoneka popanda galasi lokulitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Otsutsa akuti chiyani

Alipo onena kuti ndalama zotere zikadathandiza amoyo, m'malo mwa kufukula akufa. Funso limeneli n'loyenera, ndipo yunivesite isaipidwe nalo. Yankho lathu n'lakuti ntchito ya ku Pylos inapatsa mtundu wa anthu zaka 500 za mbiri yake, inapatsa mawu akazi opera amene palibe anawaimbira nyimbo, ndipo inaphunzitsa mibadwo itatu ya ophunzira kusiyanitsa chimene munthu afuna kuti chikhale choona ndi chimene umboni unena. Tionjeze kuti ntchitoyi inatheka chifukwa ndalama zake zinali zokhazikika: Bambo William Semple ndi akazi awo, Mayi Louise Taft Semple, anaichirikiza, ndipo mayiwa anasiyira yunivesite thumba lokhalitsa pomwalira m'chaka cha 1961. Wopereka ndalama za chaka chimodzi, nafuna golide chaka chomwecho, alera a Schliemann atsopano.

Ena akuti mayunivesite a maiko olemera angodzikundikira ulemu ndi chuma cha eni ake. Mbiri iwavomereza pa zambiri. Miyala yosemedwa ya kachisi wa Parthenon, imene Lord Elgin anayamba kuchotsa m'chaka cha 1801, ikali ku London, ndipo Agiriki akali kuipempha. Koma mankhwala a nthenda imeneyi ndi Boma lolimba. Greece inakhazikitsa nthambi yoyang'anira zinthu zakale m'chaka cha 1833, ndi lamulo loyamba m'chaka cha 1834. Yunivesite yachilendo ikumba ndi chilolezo cha Unduna wa za Chikhalidwe, kudzera m'sukulu ya dziko lake yokhala ku Athens, monga sukulu ya Amereka yokhazikitsidwa mu 1881. Lamulo la mu 2002 linaika malire a malo atatu pa chaka amene sukulu yotere ingafufuze payokha, ndiponso nthawi imene wokumba ayenera kusindikiza zopeza zake. Zonse zotuluka m'dothi ndi za dziko la Greece. N'chifukwa chake golide wa ku Troy ali ku Moscow, koma mphete za msilikali wa ku Pylos ndi chuma cha Agiriki.

Enanso, ndipo awa ndi akatswiri eni ake, akuti nyumba zosungira za m'maiko a Mediterranean zadzaza ndi mabokosi amene palibe anawalongosola. Awa tigwirizana nawo kotheratu. Malo okumbidwa osasindikizidwa ndi malo oonongedwa, ngakhale wokumbayo akhale pulofesa. Yunivesite imene sinamalize kulemba za dzulo isapatsidwe chilolezo cha mawa. Ndipo zambiri zidziwika osakumba konse: pakati pa 1991 ndi 1995 gulu lotsogozedwa ndi a Davis linayenda m'minda yozungulira Pylos, kutola ndi kuwerenga zidutswa za mbiya zooneka pamtunda, napeza m'mene midzi inakulira ndi kuchepera, dothi osalisokoneza. Kusiyira mbadwo ukudzawo gawo losakumbidwa ndi nzeru, pakuti iwo adzakhala ndi zipangizo zoposa zathu.

Mafunso atatu

Chotero, pamene mudzawerenganso kuti yunivesite yakutiyakuti yapeza chuma ku Greece kapena ku Egypt, musafunse kulemera kwa golide. Funsani zitatu: kodi malo a chinthu chilichonse analembedwa? Kodi zopezazo zidzasindikizidwa liti kuti ena aziyese? Kodi zidzasungidwa kuti, ndipo m'manja mwa yani? Mphunzitsi amene aphunzitsa ana ake kufunsa motere wawapatsa chida chothandiza pa nkhani zina zambiri kuposa za Agiriki.

Ndipo kwa inu ogwira ntchito m'maofesi, amene nthawi zina mutopa ndi kaundula wa msonkho ndi mndandanda wa katundu, tikukumbutsani ichi: za ufumu wa Pylos, mafumu ake sanasiye mawu alionse. Zonse zimene ufumuwo unena lero zichokera kwa alembi ochepa amene analemba molondola chiwerengero cha nkhosa ndi muyeso wa tirigu, ndi kwa ophunzira amene, patapita zaka 3,000, analemba molondola pamene sileti lililonse linagona.